Lole ya malalanje m'chigafa cha apongozi

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, sukulu itangotsekera mu Epulo, amuna anga anakandisiya kumudzi kwawo ku Mwase Lundazi. Iwo ankapita ku Lusaka kukachita maphunziro a zaulimi a miyezi iwiri, ndipo sanafune kuti nditsale ndekha m'nyumba ya aphunzitsi ku boma, miyendo ikutupa monga inkachitira masiku amenewo. Munali chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ine kwathu ndi ku Chipata, Chitumbuka ndinkachimva bwino koma poyankhula ndinkapunthwa, choncho kumudziko ndinkapita ndili ndi kamantha.

Tsiku lonyamuka tinadutsa pa msika wa Lundazi kukasankha tizovala ta mwana pa salaula, pogulitsa zovala zakaunjika. Amuna anga anayesanso jekete yokavala ku Lusaka, ndipo atapisa dzanja m'thumba lamkati anatulutsa buku la Chizungu. Linali lonenepa, mapepala ake achikasu, likununkha fungo lomwe lija la zovala zongotuluka m'belo. Pachikuto panali chithunzi cha lole ikutsika phiri. Mayi wogulitsa anati tilitenge ngati mbasela, chifukwa iye akanangolikulungira mtedza. Jeketeyo sitinagule, inali yothina m'mapewa, koma bukulo ndinaliponya m'chikwama.

Kumudziko inali nyengo yosankha fodya. Banja lonse linkalawirira m'chigafa masamba akadali ofewa ndi mame, kutsitsa mikangala, kupatula masamba malinga ndi mtundu ndi kutalika kwake, kenaka n'kumamanga timitolo. Ine ndinayesa masiku awiri. Fungo la fodya linkandinyansitsa mtima moti tsiku lachiwiri ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anga aakazi anati ndisadzikakamize, anandiyalira mphasa pakhomo pa chigafa pomwe pankadutsa mphepo, ndipo anati ndizingokhala pamenepo kuti ndisasungulumwe. Kukhala chabe ena akugwira ntchito kunandichititsa manyazi, ndiye ndinatulutsa buku lija kuti maso akhale ndi poyang'ana.

Mpaka nthawi imeneyo ndinali nditawerenga mabuku a kusukulu, Baibulo, ndi timabuku tachikondi tomwe tinkabwerekana ku koleji. Buku la mfuti ndi kuthamangitsana ndinkaliona ngati la amuna. Koma ili linandigwira pa tsamba lachitatu. Linkakamba za dalaivala wa lole, munthu wazaka makumi asanu, yemwe ananyamula malalanje kudoko la dziko lina lofunda la ku Ulaya kupita nawo kumpoto. Ataima pomwetsa mafuta, anapeza mayi wina atabisala kuseri kwa mpando wake, wopanda nsapato, atagwira envulopu. Mayiyo anali dokotala, ndipo m'envulopumo munali mapepala oonetsa kuti anthu ena olemera ankatumiza zida zankhondo kunja atazilemba kuti ndi makina olimira. Anthuwo ankamufuna wakufa. Kuti apulumuke anayenera kudutsa malire a mayiko anayi.

Chimene chinandikoka sichinali mfuti ayi. Anali dalaivalayo. Msana unkamupweteka, ankadya buledi wozizira ndi nsomba zam'chitini, ankaopa, ndipo masamba makumi awiri oyambirira ankangofuna njira yomutsitsira mayiyo kuti iye apitirize ulendo wake. Wolembayo ankadziwanso kudula mutu wa nkhani pamalo oti munthu sungatseke buku. Ndinkati ndikafika kumapeto kwa mutu uno ndikatunge madzi akumwa, koma ndinkapezeka ndili pakati pa mutu wotsatira, kukhosi kuli gwa.

Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, yemwe anali atabwerera kumudzi ndi ana ake awiri banja litatha, ndiye anaona kuti ndikutsonya ndekha. Anandifunsa kuti ndikutsonyera ndani. Nditamuuza kuti ndikutsonyera dalaivala wamantha, anati ndisadye ndekha, ndimuuzeko. Ndinabwerera ku tsamba loyamba n'kuyamba kumasulira m'Chinyanja, ndime ndi ndime, mawu ovuta ndikuwalumpha. Iye ndi apongozi aakazi ankamvetsera manja akugwira ntchito. Apongozi aakaziwo ankadera nkhawa kwambiri mapazi a dokotala uja, ndipo anapuma bwino pomwe dalaivala anamugulira nsapato za mphira pa kagolosale ka m'mbali mwa msewu.

Apongozi anga aamuna ankakhala mbali ina ya chigafa, kuseri kwa fodya wopachikika. Maso awo anali atachita ng'ala, mtundu wa tsamba sankauonanso, choncho ntchito yawo inali yomanga timitolo, imene ankaichita ndi zala zokha. Mwa mwambo wa kumeneko, ine monga mkamwana, mkazi wa mwana wawo, sindinkakhala nawo pafupi kapena kucheza nawo. M'mawa ndinkagwada chapatali n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha kuti yewo, basi. Zina zonse zinkadutsira mwa mlamu. Ndinkadziwa kuti kale ankayendetsa malole pa msewu wa ku Dar es Salaam, kupita ndi kopa wa kumigodi n'kubwera ndi migolo ya mafuta, msewuwo usanathiridwe phula. Koma anali munthu wachete, ndipo sindinaganizeko kuti akumvetsera.

Tsiku lachinayi ndinafika pomwe adani aja anadula paipi ya mabuleki lole itaima pa malo odyera, ndipo dalaivala anazindikira ali kale pa mtsetse wa phiri lalitali, msewu uli wokhotakhota, mbali ina kuli phompho. Ndinamasulira mothamanga chifukwa nanenso ndinkafuna kudziwa. Ndinati anaponda buleki koma sinagwire, analowetsa giya yaing'ono, lole n'kuchepetsa liwiro. Pamenepo kunamveka kutsokomola kuseri kwa fodya.

"Iwe, uwafunse a mkamwana," anatero apongozi aamuna kwa mlamu. "Lole yodzaza ikuthamanga chotero, giya yaing'ono siingalowe chabe. Kodi munthuyo sanaponde kilachi kawiri?"

Mlamu anabwereza funsolo ngati kuti sindinalimve, akudziletsa kuseka. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuwerenganso ndimeyo pang'onopang'ono. Zinalimo. Panali mizere inayi yomwe ndinailumpha chifukwa sindinaimvetse: dalaivala anaponda kilachi, n'kuika giya pakati, n'kusiya, n'kuliza injini mwamphamvu, n'kupondanso. Panalinso mzere wina wonena kuti maso ake anali pa kasingano kosonyeza mphepo ya mabuleki, kakutsika. Ndinamasulira zonsezo mmene ndikanathera, ndikuyang'ana kwa mlamu. Kenaka apongozi aamuna anauza mlamu kuti wolemba ameneyu ayenera kuti anakhalapo pa chiwongolero cha lole, kapena anakhala pafupi ndi munthu woyendetsa kwa masiku ambiri, chifukwa za kasingano kameneko munthu wongomva sangazidziwe. Anapempha kudzera mwa mlamu kuti ndisamalumphe za injini.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kulumpha, ndipo ndinayamba kuona zimene ndinali kuphonya. Bukulo linali lodzaza ndi tinthu tating'ono totero. Dalaivala ankagogoda matayala ndi chitsulo asananyamuke n'kumvetsera kulira kwake. Ankadziwa kuti galimoto ikumutsatira chifukwa inkachepetsa liwiro pa zitunda pomwe galimoto yaing'ono ikanangomupitirira. Pa malire ena anadutsa chifukwa anadziwa nthawi imene a kasitomu amasinthana, pomwe wotuluka amakhala watopa ndipo wolowa sanamwe tiyi. Chilichonse chotere apongozi aamuna ankachivomera ndi kamawu ka pakhosi, ndipo nthawi zina ankauza mlamu kuti nawo ankatero pa malire a Tunduma. Mpando wawo unayamba kusendera. Sindinawaone akuusuntha, koma pakutha pa sabata ndinkaona mapazi awo pansi pa mikangala, pomwe poyamba sindinkaona kanthu.

Si zonse zimene ndinazikonda. Panali mutu wina waufupi wochitikira mu Afrika, komwe zidazo zinkapita. Dziko lake silinatchulidwe, ndipo munalibe china koma kutentha, ntchentche, ndi msilikali wopempha ndudu. Munthu yemwe anadziwa kufotokoza kulira kwa tayala losapopa bwino analephera kupatsa munthu mmodzi wakuda nkhope. Ndinawauza anzanga a m'chigafamo kuti pamenepa wolemba wachita ulesi. Apongozi aamuna anangouza mlamu kuti kuno sanafikeko, n'chifukwa chake.

Panalinso masamba atatu omwe dalaivala ndi dokotala anagona m'nyumba ya alendo mphepete mwa nyanja, podikira chombo chowolotsa malole. Nditaona komwe nkhaniyo ikulowera, ndinatembenuza masamba onse atatu n'kunena kuti anapumula, m'mawa kunacha. Mlamu anasiya fodya n'kundiyang'ana. Anati Chizungu n'chodabwitsa, masamba atatu onsewo kungonena kuti kunacha. Apongozi aakazi anamumenya ndi tsamba la fodya paphewa, ndipo kuseri kuja kunamveka kutsokomola kwa nthawi yaitali. Masana tikusenda mtedza awiriwiri, mlamu anandikakamiza kumumasulira masambawo, ndipo anati zinali zochepa poyerekeza ndi mmene ankaganizira.

Chapakati pa buku panachitika chinthu chomwe sindinachiyembekezere. Atafika pafupi ndi malire achitatu, m'mapiri momwe munkagwa chipale chofewa, dalaivala anamva pa wailesi kuti apolisi akufuna lole yake. Anaganiza za mkazi wake wodwala ndi ntchito yake. Anaima pa kasiteshoni ka sitima, anauza dokotala kuti akagule khofi, ndipo mayiyo atangolowa m'sitolo, iye analiza lole n'kumapita. Mutuwo unathera pamenepo. Mlamu anati munthuyo ndi galu. Apongozi aakazi anati amuna ndi otero. Ine ndinatseka buku chifukwa dzuwa linali litakwera ndipo masamba a fodya anayamba kuthetheka, ntchito ya tsikulo inali itatha.

M'mawa mwake apongozi aamuna sanabwere kuchigafa. Anati akukaona ng'ombe kudambo, ngakhale ng'ombezo zinali ndi woziyang'anira. Mlamu ankafuna kuti tipitirize, koma ine ndinakana. Ndinati tiwadikire. Kunena zoona ndinali nditawerenga kale ndekha madzulo a dzulo lake, nditakhala kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkadziwa kuti dalaivala anayenda makilomita ochepa chabe n'kutembenuka. Koma sindinauze munthu.

Tsiku linalo anabwera, anakhala pa mpando wawo, ndipo ndisanatsegule buku anayamba kuyankhula. Sanatchule mlamu ngati kale. Ankangoyankhula akuyang'ana fodya yemwe anali m'manja mwawo. Anati chaka china, nthawi ya mvula, akuchokera ku Dar es Salaam ndi migolo ya petulo, anapeza lole ya mnzawo itagudubuzika pa mtsetse wina, utsi ukufuka kumutu kwake. Mnzawoyo anali Mtanzaniya, bambo wa ana asanu, ndipo anali atadyera limodzi m'mawa womwewo. Lamulo la onyamula petulo linali lakuti usaime pafupi ndi moto. Iwo anapitirira, anakaima patali, n'kubwerera wapansi akuthamanga m'matope. Pofika anapeza anthu a m'mudzi wapafupi atamutulutsa kale, koma anamwalira asanafike kuchipatala. Anati anzawo onse anawauza kuti anachita bwino, ndipo nawonso amadziwa kuti akanaima akanapsa onse awiri, komabe mtunda umene anayenda asanaime amauwerengabe mpaka lero.

Apongozi aakazi anali atasiya kusankha. Pambuyo pake anandiuza kuti pa zaka zonse za banja lawo nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

Kenaka apongozi aamuna anati, "Amama, werengani. Timve ngati anabwerera."

Aka kanali koyamba kuyankhula ndi ine mwachindunji kupatula moni. Ndinayankha kuti yewo, adada, ndipo ndinawerenga. Dalaivala anabwerera, anapeza anthu awiri akukokera dokotala m'galimoto, ndipo anagunda galimotoyo ndi lole mpaka kuikankhira pa njanji. Mlamu anaomba m'manja. Apongozi aamuna anamanga timitolo tambiri tsiku limenelo kuposa masiku onse.

Masamba zana omalizira tinawamaliza m'masiku atatu. Munali kuwomberana pa mlatho, munali kuthawa wapansi m'nkhalango, ndipo ineyo ndinaona kuti anthu ofa anachuluka kuposa mmene nkhaniyo inkafunira. Koma mathero ake anandikhutiritsa. Dokotala anapereka mapepala ake kwa oweruza a mumzinda wina waukulu, ndipo nyuzipepala zinalemba za iye. Za dalaivala sizinalembe. Awiriwo sanakwatirane. Anatsanzikana pa malo oimika malole, dalaivala n'kukatsegula kumbuyo kwa lole n'kupeza malalanje onse ataola. Bukulo linatha iye akutsuka lole yake ndi paipi ya madzi, akuganiza zokauza abwana ake. Mlamu anakhumudwa, ankafuna ukwati. Apongozi aamuna anati ndi mmene zimathera, katundu ukaonongeka palibe amene amafunsa kuti unakumana ndi zotani panjira. Ine ndinakhala ndi bukulo pamiyendo kwa kanthawi, ndikumva ngati mlendo amene tinamuzolowera wanyamuka.

Ndawerenga mabuku ambiri a mtundu umenewu kuchokera nthawi imeneyo, ena olembedwa mwaluso kuposa lija. Koma lija ndi limene linandiphunzitsa kuti nkhani yothamanga imagwira mtima ngati wolemba akudziwa ntchito ya munthu amene akumulemba, mpaka pa zinthu zomwe owerenga ambiri angazilumphe monga ndinachitira ine. Bukulo ndinalibwereka mphunzitsi mnzanga, iye anabwereka mlangizi wa zaulimi wa ku Kapichila, ndipo silinabwerenso.

Kumayambiriro kwa Juni kunabwera lole yodzatenga mabelo a fodya a m'mudzimo. Masiku anga anali atayandikira, choncho anagwirizana kuti ine ndi apongozi aakazi tikwere kutsogolo kuti tikadikirire ku boma pafupi ndi chipatala. Pamene anthu ankakweza mabelo, apongozi aamuna anazungulira loleyo akuipapasa, kenaka anakhala pa chitsa ndi dalaivala wake, bambo wonenepa wa ku Petauke. Ndili chapatali ndi katundu wanga ndinawamva akumufotokozera za lole ya malalanje. Sanatchule buku. Ankakamba ngati za munthu amene anagwira naye ntchito. Phiri lija analitalikitsa, adani anawachepetsa, ndipo anaonjezamo zakuti dalaivalayo anathira mchenga pansi pa matayala pa chitunda choterera, zomwe m'bukumo munalibe. Wa ku Petaukeyo ankangogwedeza mutu, fodya wake wazima m'manja.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Msewu unali wa mabampu, ndipo dalaivala ankayendetsa mosamala chifukwa cha ine, akupepesa pa dzenje lililonse. Titadutsa kamlatho kena anandifunsa ngati mdala uja amamudziwadi munthu wa malalanjeyo, ndiponso ngati abwana ake anamuchotsa ntchito. Ndinamuuza kuti za ntchitoyo palibe amene akudziwa. Anati zikanakhala kuno akanamuchotsa tsiku lomwelo, ndipo anayamba kutiuza za mnzake yemwe anagwetsa matumba a feteleza mumtsinje ku Chama. Nkhani imeneyo inatifikitsa ku boma. Mwana anabadwa patapita masiku asanu ndi anayi, wamkazi.